Chisanu Chimene Sindinatchule Patebulo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana onse. Nanga amayi, miyendo ija yayamba kulola? Tsiku lija pafoni ndinawamva akukunong'onezani kuti musandiuze za ndodo, ndiye ndadziwa kuti ayamba kuyendera ndodo. Auzeni kuti makutu anga akadali omwe aja ankamva chitini cha shuga chikutsegulidwa ine ndili kuseri kwa nyumba.

Ife kuno tilipo, ine ndi Tsabola wanu. Kudya tikudya, tulo ndiye ta apo ndi apo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndimangoti tili bwino, inu n'kuti tithokoze, kenako tonse n'kumamvetserana mpweya mpaka wina atadula. Nkhani yake ndi iyi: chimwalirire mayi ake, mwanayu sakundiyankhula, ndipo akufuna kubwera kwa inu sukulu ikatsekera. Ndi bwino mudziwe chimene wasenza asanafike pakhomo panu.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Sinowo, chipale chofewa chija chimagwa kuno nthawi ya chisanu, yasungunuka, ndipo m'mbali mwa msewu wathu mwatsala matope ndi magolovesi osapezana amene anthu anataya. Mitengo ya pabwalo yayamba kuphuka ngati palibe chachitika. Makina otenthetsa madzi m'nyumba muno ayamba kugogoda, ndipo ndazindikira kuti sindidziwa n'komwe munthu amene mlamu wanu, malemu mkazi wanga, ankamuitana akavuta. Mayi wa nyumba yapansi amatisiyira kapoto pakhomo Lamlungu lililonse, n'kugogoda, n'kuthawa ngati waba. Ndikakumana naye pamasitepe amandikalipira kuti ndaonda, ndiponso kuti mapoto ndimabweza osatsuka kunsi.

Foni ya mlamu wanu sindinaitseke. Pali mkulu wina amene iye ankamubaya jakisoni m'mawa uliwonse, munthu woti mutu unayamba kutaya zinthu. Amaimbabe kufunsa kuti nesi wake wachedwa bwanji. Ulendo woyamba ndinamuuza zoona, ndipo analira ngati mwana. Patapita masiku anaimbanso, funso lomwelo. Tsopano ndimangomuuza kuti lero kubwera nesi wina. Iye amati winayo manja ake ndi ozizira, ine n'kuti ndikanena.

Tsopano mundilole ndikufotokozereni ntchito yanga yolosera za nyengo, ngakhale inu mumangoti ndine mlosi wovala tayi. Popanda zimenezi simungamvetse chimene chalowa pakati pa ine ndi mwana wanga.

Kulosera za mawa n'kosavuta kwenikweni, chifukwa mvula ya mawa imakhala ili kale panjira, ife timangoiona ikubwera. Chovuta ndi chimene a misewu, a zipatala ndi a magetsi amatifunsa masamba akayamba kuyoyoka, kuti miyezi yonse ya chisanu idzakhala bwanji. Pamenepo timamanga dziko lina mkati mwa kompyuta. Timadula mpweya wonse wokuta dziko m'timabokosi, n'kutisanjikiza kuchokera pansi kukwera m'mwamba ngati zipinda za nyumba yosanja, bokosi lililonse n'kuliuza malamulo a mphepo, kutentha ndi chinyezi. Kenako timalisiya dzikolo kuti lithamange kutsogolo kwa kalendala. Timalithamangitsa kambirimbiri, ulendo uliwonse titasinthako pang'ono poyambira, n'kuona kuti maulendo ambiri athera pa kuzizira kapena pa kufunda. Chinthu chimenechi timachitcha modelo.

Modelo yakale ya ofesi yathu denga lake n'lalifupi. Anaimanga makompyuta akadali ofooka, ndiye omangawo anaona kuti zipinda za m'mwamba kwambiri, kumene ndege zonyamula anthu sizifika, n'zongodya nthawi. Koma kumeneko n'kumene kuli mphepo ina yamphamvu imene imazungulira pamutu pa dziko nthawi ya chisanu, n'kutsekera kuzizira koopsa ngati mpanda wa khola. Zaka zina mpandawo umagwa. Ukagwa, pansi pano sitimva kanthu msanga. Pamapita masabata, kenako kuzizira kuja kumakhuthukira kwa ife. Modelo yakale mpandawo siuona bwino, ndipo ngakhale muithamangitse kangati, maulendo ake onse ndi ana a mayi mmodzi, onse anatengera diso lomwelo.

Zaka zingapo zapitazi, ine ndi anzanga awiri takhala tikumanga ina ya denga lalitali. Mlamu wanu ankaitcha mkazi mnzake. Ndikafika mochedwa ankandifunsa ngati mkazi mnzakeyo wandiphikira, poti iye wadya kale ndipo watsuka mbale. Ndikabwera nkhope ili gwaa chifukwa chinthucho chakana kuyenda, ankaitana Tsabola kuti abwere adzaone, mayi ake aang'ono anyanyalanso. Ankati sachita nsanje, chifukwa mkazi wongodziwa za mphepo sangamulande banja.

Kuofesi kwathu tili ndi mwambo. Modelo yatsopano siyankhula pagulu isanayesedwe. Timaibweza m'mbuyo, kuipatsa zaka zakale zimene mathero ake tikuwadziwa kale, kuti tione ngati ikanalosera bwino. Mayesowo asanathe, zonena zake zimathera m'chipinda chathu. Sitiuza atolankhani, sitiuza a misewu, ndipo timakumbutsana kuti tisamauze ngakhale akunyumba, chifukwa mkazi wa wolosera akagula fosholo yochotsera sinowo, pofika Loweruka msewu wonse wagula. Mwambowu si wopusa, Achemwali. Anthu akamva mawu awiri kuchokera pakamwa pamodzi, amasiya kumvera onse awiri. Ndipo yanga ija, m'mayeso amene tinali titachita kale, inali itakuwapo kuti kukubwera kuzizira m'zaka zina zimene kunafunda bwinobwino.

Masamba atayamba kuyoyoka chaka chathachi, modelo yakale inati chisanu chikhala chofunda ndi chamvula, ndipo ofesi inalengeza zomwezo. Yanga inapendekera kwina. Maulendo ake oposa theka ankaonetsa mpanda uja ukugwa chakumapeto kwa chisanu. Sinakuwe, inangopendekera. Ndinaona, anzanga awiri aja anaona, tinagwedeza mitu n'kunena kuti tidzaona.

Kuno galimoto imakhala ndi matayala a mitundu iwiri. A chisanu ndi ofewa, mizere yake yakuya, ndipo amagwira pa ayezi. Athu timasunga m'kachipinda ka pansi pa nyumba, ndipo kuwalowetsa kumafuna makina a kugalaja. Mukudziwa kuti ntchito ya mlamu wanu inali yoyendera okalamba m'makomo mwawo, ambiri mwa iwo kumapiri kunja kwa tauni. Mwezi umenewo anali ndi Loweruka limodzi lokha lopuma, ndipo linali lomwe Tsabola ankakapikisana pa mtsutso wa masukulu kutauni ina. Kunali kusankha, kukakhala pamzere kugalaja kapena kukamvera mwana akugonjetsa ana a eni ake.

Tinali patebulo tonse atatu. Mlamu wanu anandifunsa moseka monga ankachitira chaka chilichonse, kuti alosi akuti chiyani, matayala angadikire kapena ayi. Ndinayankha kuti ofesi ikuti chisanu chikhala chofunda. Anandiloza ndi supuni n'kunena kuti za ofesi wamva kale pawailesi, iye akufunsa kuti mkazi mnzake akuti chiyani. Ndinati ameneyo akadali pasukulu, sanayambe kuyankhula pali akuluakulu. Anaseka mpaka kutsamwa. Tsabola nayenso anaseka, n'kumugunda mayi ake pamsana. Loweruka anapita ku mtsutso kuja, mwana anapambana, ndipo anabwera akuimba m'galimoto.

Miyezi iwiri yoyamba kunafundadi. Kunkangogwa mvula, ndipo mlamu wanu ankauza anzake kutchalitchi kuti chaka chino mwamuna wake walasa, amulembe pakhoma. Za matayala tonse tinaiwala. Kenako mpanda uja unagwa. Ukagwa aliyense amauona, ndiye ofesi inachenjeza, ndipo ine ndinamuuza tsiku lomwelo. Koma tauni yonse inathamangira kumagalaja nthawi imodzi, ndipo tsiku limene anatipatsa linali lakutali. A misewu nawonso anali atasunga mchere wochepa wothira m'misewu, pokhulupirira mawu athu aja, ndiye ankathira m'misewu ikuluikulu yokha. Ndinamupempha kuti apumeko masiku amenewo. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti shuga wa okalamba ake aja nayenso apuma kodi. Kuzizira kunafika tsiku la kugalaja lisanakwane. Unali m'mawa, galimoto yake inaterereka pakona yotsetsereka, pa ayezi wosaoneka. Zotsalazo mukuzidziwa.

Titabwerako kumanda, anthu anadzaza m'nyumba muno. Mmodzi wa anzanga awiri aja, amene timamutcha Wandevu, ndi munthu wamtima wabwino koma pakamwa pake amangoyenda ngati ngolo yopanda mabuleki. Anamupeza Tsabola kukhitchini akutsuka makapu. Anafuna kumuuza chinthu chabwino chokhudza bambo ake, ndipo chabwino chimene iye amadziwa ndi ntchito. Anamuuza kuti azinyadira, chifukwa m'dziko lonse lino modelo ya bambo ake yokha ndi imene inaona kuzizira kumeneku. Tsabola anaika kapu pansi n'kufunsa kuti inaona liti. Wandevu anayankha mosangalala kuti kalekale, masamba asanathe n'komwe kuyoyoka. Kenako anabwera kudzandigwira paphewa, n'kundiuza kuti wamulimbitsako mtima mwana.

Alendo atapita, Tsabola anandipeza ndikubweza mipando. Anandifunsa ngati tsiku lija la supuni ndinali nditaona kale. Ndinayamba kumufotokozera monga ndakufotokozerani inumu, za kupendekera, za mayeso osatha, za zaka zimene chinthucho chinalakwitsa. Anandidula. Anati sanapemphe phunziro, wafunsa funso la inde kapena ayi. Dzina lija munamupatsa ali wakhanda simunalakwitse. Ndinati inde, ndinaona. Anagwedeza mutu ngati mmene amachitira mnzake wa mtsutso akadzikola yekha, n'kukalowa kuchipinda kwake.

Kuyambira tsiku limenelo mawu ake kwa ine ndi a kiyi, a mkaka, a pepala lofunika kusaina. Mawu oti bambo sanatulukenso pakamwa pake. Amangoti inu. Sachita mwano, satseka chitseko mwamphamvu, kusukulu akukhoza monga kale. Amadya ndisanafike, ndipo changa amandisiyira chovundikira bwino, ndendende mmene mayi ake ankachitira. Mwina chimenecho ndiye chimandipweteka koposa.

Amayi pafoni paja anandiuza kuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ndinavomera kuti asadandaule. Koma ichi chinaimba, Achemwali. Chinaimba motsitsa, m'chipinda changa chogwirira ntchito, ine ndikumva. Ndalitembenuza funsoli mbali zonse. Mwina ndikanamuuza mlamu wanu akanangoseka n'kupitabe ku mtsutso. Mwina ngakhale matayala a chisanu sakanagwira pakona imeneyo, poti tsiku lomwelo panagwanso galimoto ina yowavala. Chaka china modelo yangayo ikanakhala yolakwa, ndipo bwenzi tikuiseka mpaka lero. Zonsezi n'zoona. Koma ndikazinena mokweza zimamveka ngati munthu akusamba m'manja, ndiye ndasiya kuzinena.

Chimene chimandidya ndi chaching'ono. Mwambo uja anaupangira khamu, ndipo patebulo paja panalibe khamu. Panali mkazi wanga atagwira supuni. Anandifunsa ngati mwamuna wake, ine ndinamuyankha ngati ofesi. Ndinkaopa kuoneka wodzikonda, wokweza chinthu chake chisanapse, ndipo ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko kudzichepetsa. Sikunali kovuta kunena kuti sindikutsimikiza, koma changachi chikupendekera ku kuzizira, tasinthani matayala tipite ku mtsutso pabasi. Mawu ake ndi ochepa chabe. Ndimawanena ndikamakwera masitepe.

Mukudziwa kuti ndinakula mphuno ili m'buku, mpaka munkandilanda nyali. Masiku ano ndabwerera m'mabuku kufuna wina amene anadutsa njira imeneyi. Ndapeza amasiye ambiri, m'ndakatulo ndi m'nthano zamitundu yosiyanasiyana, ndipo ena andithandiza ndithu. Koma onse amalira munthu mmodzi. Sindinapeze wolemba za kulira anthu awiri, wina ali kumanda, wina ali kuseri kwa khoma akutembenuza pepala mosamala kuti ndisamve kuti ali maso.

Sabata yatha mayeso aja anatha. Abwana anatiitana n'kulengeza kuti kuyambira chisanu chikubwerachi, ofesi idzagwiritsa ntchito modelo ya denga lalitali. Anati yapambana yakale m'zaka zambiri, ngakhale osati zonse, ndipo chisanu chathachi ndicho chawatsimikizira okayika. Anthu anaomba m'manja, kenako anakumbuka, manja n'kuzilala pakati. Wandevu anatuluka panja. Iye tsopano anadziwa chimene anachita, ndipo amandizemba m'khonde ngati ndimuluma. Ndinamutsatira n'kumuuza kuti sananame, ndipo mlandu alibe. Analira ndevu zonse kunyowa, ine n'kukhala womutonthoza.

Ndinalumbira kuti Tsabola sadzamvanso kanthu kokhudza ine kuchokera kwa munthu wina, ndiye m'mawa mwake ndinamuuza. Anali atawerama pakhomo akumanga zingwe za nsapato. Anamaliza nsapato yoyamba, n'kumaliza yachiwiri, kenako osadzutsa mutu anati, ndiye kuti mwawina. Ataimirira anandiuza kuti akufuna kupita kwa azakhali ake tchuthi chikayamba, ndipo tikiti yobwerera ndisagule kaye. Anafunsanso ngati sukulu ya pafupi ndi kwanu imalandira ana a kalasi yake pakati pa chaka. Amenewo ndiwo anali mawu ake aatali koposa kwa ine chichokereni kumanda.

Ndavomera. Ndikanatha kukana, poti akadali mwana ndipo chikalata chake choyendera chili m'manja mwanga. Koma ndaona kuti ndikamugwira dzanja mwamphamvu ndidzatsala ndi dzanja lokha.

Pempho langa ndi ili, Achemwali. Mumulandire, ndipo musandiikire kumbuyo. Ndikukudziwani. Munamenyapo anyamata awiri chifukwa chondiseka magalasi, ndipo mukangomva mwanayu akunena kuti bambo ake anapha mayi ake ndi kukhala chete, magazi adzakuwirani. Mudzafuna kumuuza kuti mwana sanena choncho za kholo lake, kuti zinalembedwa, kuti bambo ake ndi munthu wabwino. Amalume adzafuna kumukhazika pansi. Chonde, zimenezo ayi. Kuno aliyense wamuuza kale kuti palibe wolakwa, ndipo aliyense womuuza choncho wamutsekera kunja. Akufunika munthu mmodzi wa magazi anga amene angamve mlandu wonse mpaka kumapeto osaudula. Mukhale inu. Zimene adzanene zambiri n'zoona, ndipo zimene si zoona adzazipeza yekha, chifukwa mwanayu sanama ngakhale kwa iye mwini.

Akadzafuna kuuza agogo ake, apongozi anga, musamuletse, koma mupite naye. Ine ndawalembera kale padera, kuti asadzamve koyamba kuchokera pakamwa pa mdzukulu wawo akulira.

Mudzamupeza watalika kukuposani, ndipo mudzadzidzimuka akadzaseka, ngati adzaseke, chifukwa kuseka kwake n'kwa mayi ake kwathunthu. Chiyankhulo chathu amachidziwa, koma akakwiya amathawira ku cha kuno, ndiye auzeni abale akewo asamuseke lilime. M'mawa sakonda kufunsidwa mafunso. Akakhala chete nthawi yaitali, mupatseni ntchito ya manja mukhale naye pafupi, mawu amabwera okha. Njira imeneyi ndi ya mlamu wanu. Ine ndinkangoiona, sindinaiphunzire.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo muwauze kuti ndodo si manyazi. Moni kwa alamu, ndi kuwathokoza chifukwa chovomera kuwonjezera mbale patebulo, poti ndikudziwa avomera musanamalize n'komwe kuwafunsa. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achimwene aang'ono ndi banja lawo, kwa ana anu onse, ndi kwa azilamu anga akuchikazi amene ananditumizira mawu ambiri ine osayankha. Auzeni kuti ndinawerenga onse.

Za kubwerera musamufunse, ndipo ena asamufunse. Ine ndiziimba Lamlungu monga mwa masiku onse, ndipo musamukakamize kubwera pafoni. Akadzakufunsani ngati ndikumudikira, mumuuze kuti inde. Akapanda kufunsa, musanene.

Tsalani bwino, Achemwali anga.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Tsabola